Tiwakumbukire bwanji abale amene anapita ndi COVID-19?

Funso, kuchokera ku Linga: Ambirife sitinalire mokwanira mu Januwale 2021, pamene maliro ankaloledwa anthu 50 okha. Pamudzi pathu tikufuna chikumbutso chimodzi cha onse. Tiyambire pati?

Yankho loyamba: Yambirani kwa amfumu, ndiwo opereka malo. Kenaka yendani khomo ndi khomo, chifukwa mabanja ena safuna dzina la m'bale wawo litchulidwe pamodzi ndi matendawa. Musawakakamize. Itananinso a sheikh ndi abusa, poti ku Nkhotakota kuno maliro ndi a tonse.

Yankho lachiwiri: Bzalani mibawa, umodzi pa munthu aliyense. Kumbani dzenje masentimita 60 kuya ndi kutambalala, dothi lapamwamba musakanize ndi manyowa owolerana. Bzalani mu Disembala mvula itakhazikika. Wobzala mu Malichi, mtengo umafa ndi dzuwa la Okutobala. Tchingirani ndi minga, apo ayi mbuzi zidya. Banja lililonse lizithirira wake.

Yankho lachitatu: Akulu, ngati mumanga chipilala, pewani mchenga wosalala wa kunyanja, pulasitala amang'aluka. Tengani wa kumtsinje, mawilibala atatu pa thumba la simenti. Maina alembeni ndi msomali simenti ikadali yaiwisi, penti imafufuma msanga. Muzithira madzi sabata yathunthu.