Ma sabot ogula padera: ndi othandizadi kapena n'kungotaya madola?

Mlenje Watsopano: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Nyengo yosaka agwape ndi gogodela kuno ku Indiana imabwera mu Disembala, ndiye ndayamba kuyeserera. Mfuti yanga ndi inline, gogodela wamakono, ya mpope wa .50 inchi. Ndinagula zipolopolo zolemera 250 grain zobwera kale ndi ma sabot ake, timakapu tapulasitiki tomwe chipolopolo chimakhalamo polowa mumpope, koma pa mayadi 100 zikumwazika, china kumwamba, china kumanzere. Kulowetsa kwake ndiye nkhondo, ndimachita kutsamira ndodo ndi thupi lonse. Mnzanga wa kuntchito akuti ndigule ma sabot a Harvester Crush Rib padera. Ndigule, kapena akungofuna kutidyera?

Madala a ku Elkhart: Achimwene, musanatulutse ndalama, mpope wanu ndi wa twist yanji, ndiye kuti mizere ya m'kati imazungulira kamodzi pa mainchesi angati?

Mlenje Watsopano: 1:28, madala.

Madala a ku Elkhart: Ndiye mfutiyo anaipangira ma sabot. Ikanakhala 1:48 kapena 1:66 ngati zachikale zija ndikanati musavutike. Vuto lanu ndikuliona. Mipope yonse amailemba .50, koma m'kati siyofanana ndendende, ina ndi yothina, ina yomasuka pang'ono. Chipolopolo chanucho ndi cha .452, kapulasitikiko ndi kamene kamadzaza mpata wotsalawo, n'kugwira mizere ya mumpope kuti chipolopolo chituluke chikuzungulira. Sabot ya m'paketi anaipanga kuti ikwanire aliyense, ndiye kwa inu yakhala ngati nsapato yobwereka. Crush Rib ili ndi timizere kunja kwake tomwe timaphwanyika polowetsa, motero imalowa mosavuta koma ikugwirabe. A kampani ya MMP nawonso ali ndi zawo, HPH-12 yonenepa ndi HPH-24 yoonda pang'ono. Thumba la 50 mtengo wake sufika n'komwe pa paketi imodzi ya zipolopolo zabwino. Ine ndikuti gulani.

Mwana wa Mlenje: Hahaha koma inu! Agogo anga ankagwetsa nguluwe ndi gogodela wothira zidutswa za chitsulo, n'kutsindira ndi sanza. Nanga m'tchire la ku Indiana muno gwape mumamuona pa mtunda wanji? Mayadi 50, akatalikitsa 70. Pamenepo ngakhale zikumwazika, chikalowa m'mapapu nkhani yatha. Anthu a kuno amakonda kugulitsana tizinthu.

Madala a ku Elkhart: Agogo anuwo akalasa nyama n'kuthawa, ankaitsata ndi agalu tsiku lonse popanda wowafunsa. Kuno ikawoloka mpanda n'kulowa m'munda wa mwini wake, mukagogoda kaye pakhomo. Komanso taganizani za kuwombera kachiwiri, zala zili gwa ndi chisanu, sabot ikukana kulowa. Ikaima pakati osafika pa wonga, pamenepo si nkhani ya chandamale ayi, mpope ukhoza kuphulika. Ndodo yanu muilembe chizindikiro, muzidziwa kuti yafikadi pansi.

Mwana wa Mlenje: Za chizindikirozo ndavomera. Koma kuthinako mwina si sabot. Achimwene, mukuthira wonga wanji, ndipo mumapukuta?

Mlenje Watsopano: Timibulu tiwiri ta 50 grain. Kupukuta ndimapukuta ndikafika kunyumba.

Mwana wa Mlenje: Eya, si izo! Wonga wambiri wa mtundu umenewu umasiya mwaye wouma pansi pa mpope, pomwe chipolopolo chimakhala paja. Mukawombera kamodzi, pititsani kansalu konyowa pang'ono, kenaka kouma. Ndipo dikirani mpope uzizire. Pulasitiki ikalowa mumpope wotentha imafewa, mizere siigwira bwino, ndiye kumwazikako. Zonsezi n'zaulere, madala sanakuuzeni.

Nachisale wa ku Denver: Pepani ndalowerera za abambo. Ine ndi bambo a kunyumba timasaka kuno ku Colorado, ndipo pa nyengo ya gogodela sabot ndi yoletsedwa. Wonga wa timibulu nawonso ayi, scope, galasi loonera patali lija, ayi. Timagwiritsa zipolopolo zodzaza mpope wonse, monga PowerBelt. Ndiye alamu, ngati muli ndi maloto odzabwera kuno kudzasaka elk, agwape akuluakulu aja, musaunjike matumba a ma sabot. Boma lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo amasinthasintha, muziwerenga kabuku ka chaka chimenecho.

Mlenje Watsopano: Zikomo mayi. Elk ndi za mtsogolo, panopa ndikufuna ndiwo za Khirisimasi basi.

Wa ku Michigan: Mukukangana za kapulasitiki pomwe kamagwa pansi mayadi ochepa chabe kuchokera pakamwa pa mfuti. Chimene chimafika pa gwape ndi chipolopolo. Ubwino weniweni wogula sabot padera uli apa: mumasankha nokha chipolopolo. Mutha kugula bokosi la Hornady XTP, zomwe kwenikweni ndi za pisito, n'kumayeserera osadandaula mtengo. Kungosamala, .452 ili ndi sabot yake, .430 ili ndi yakenso, musasakanize. Posaka ine ndimakonda za kopa za Barnes. Zimatambasuka bwino osaphwanyika, zimaboola mpaka kutulukira mbali ina, magazi n'kumaoneka potsata. Ndi zodula, inde, koma pa nyengo yonse mwina muwombera ziwiri. Ku California kuyambira 2019 zipolopolo za mtovu saloleza n'komwe posaka.

Mwana wa Mlenje: Mwaona? Tayamba ndi thumba limodzi, pano tafika pa kopa. Mawa muti asinthe wonga.

Wa ku Michigan: Ndimati ndinene kumene! Blackhorn 209, wonga wa mtundu wina, siisiya mwaye wouma uja. Koma imafuna primer (koyatsira wonga) ya 209 yamphamvu ndi sabot yothina bwino, yolobodoka ija siyaka bwino. Ndiye pamenepo Crush Rib itha kukhala yomasuka kwambiri kwa ena.

Madala a ku Elkhart: Osamusokoneza mnyamatayu. Achimwene, musinthe chinthu chimodzi nthawi imodzi. Loweruka yambani ndi zimene muli nazo, muzipukuta ndi kudikira monga wanenera mdani wangayu. Mukatha, yendani kutsogolo kwa benchi yowomberera akakulolezani, mutole ma sabot anu. Yabwino timapiko take timatambasuka mofanana, kapu ya pansi ili yosang'ambika, mizere ikuoneka bwinobwino m'mbali. Ikakhala yong'ambika pansi kapena yosungunuka, wonga wachuluka kapena mpope unatentha. Ndipo yokwana bwino imalowa ndi manja awiri mokankha ndithu, koma osachita kudumphira. Ikakanabe pa mpope woyera, ndiye mugule.

Mlenje Watsopano: Kunena zoona, ngakhale yoyamba pa mpope wotsukatsuka imandivuta.

Mwana wa Mlenje: Aaa, mukanayamba ndi zimenezo. Gulani basi, koma thumba limodzi lokha.

Madala a ku Elkhart: Musagule kaye n'limodzi lomwe. Ndili ndi ma Crush Rib otsala komanso ma HPH-24, ndikubweretserani khumikhumi Loweruka. Imene igwirizane ndi mpope wanu ndi imene mukaitanitse. Mubwere ndi zipolopolo zanu za .452 ndi tinsalu topukutira.