Zowonjezera pa funso la ulendo wapansi ku Loita ndi abulu

Mudafunsa ngati abulu amanyamula katundu yense pa ulendo wa masiku angapo m'nkhalango ya Naimina Enkiyio ku Loita, m'dera la Narok ku Kenya. Tidayankha mwachidule kuti inde. Nazi zomwe tidasiya.

Katundu wa bulu mmodzi asapitirire makilogalamu 40 mpaka 50 kumapiri ngati amenewa. Chofunika kwambiri ndi kulinganiza: mbali zonse ziwiri zilemere chimodzimodzi. Mbali ina ikalemera, katundu amapendekeka potsetsereka, chingwe chimapekesa khungu, ndipo pofika tsiku lachiwiri pamsana pali chilonda. Bulu wotero sanyamulanso. Muyale ziguduli zouma pansi pa katundu, ndipo zingwe muzikungenso mukayenda theka la ola, chifukwa zimakhwepa. Chigubu chosadzaza chimakhutchumuka n'kumamusokoneza bulu, choncho mudzaze kapena mukhuthule.

Abulu nthawi zambiri amatsogola ndi owayang'anira kukakonza pogona, ndiye madzi akumwa, jekete la mvula ndi mankhwala zikhale pamsana panu. Ambiri amaiwala zimenezi.

Loita ndi kokwera, malo ena kupitirira mamita 2,000, usiku kumazizira zedi. Mukatsikira ku mapiri a Nguruman kulowera ku nyanja ya Magadi, kumatentha. Pewani mvula ya Malichi mpaka Meyi, njira zimaterera.

M'nkhalangomu muli njati ndi njovu. Mmasai wotsogolera akaima mwadzidzidzi, imani, osafunsa mokweza. Usiku abulu amangidwe pafupi ndi moto chifukwa cha afisi.