Kodi Elvis Presley anagulitsadi zimbale 1 biliyoni?

Mwana_wa_ku_Ntcheu:
Abale ndithandizeni, dzulo tatsutsana ndi amalume mpaka nsima kuzizira. Timakonza m'nyumba ya malemu agogo ndiye tapeza mbale zakale zija za galamafoni musutikesi, zambiri za Jim Reeves koma imodzi ya Elvis, Blue Hawaii, chikuto chake mphemvu zadya m'mbali koma mbaleyo ilibe mng'alu olo pang'ono. Agogo anabwera nazo kuchokera ku Salisbury, Harare ya lero, komwe ankagwira ntchito. Amalume kungoiona basi ayamba, ati ameneyu palibe womuposa anagulitsa 1 biliyoni, Michael Jackson ndi mwana. Ine ndati amalume biliyonitu ndi zambiri, iwo ati iwe unabadwa liti. Inu amene mumazitsata, zoona zake ndi ziti?

Mdala_wa_Mbale:
Amalume anu sanaipeke okha nambalayo, imanenedwadi kuyambira kalekale, koma ena amati 500 miliyoni ndiye kusiyana kwakeko kukuuzeni kuti palibe anakhala pansi nkuwerenga imodzi imodzi. Vuto ndi nthawi yomwe munthuyu anatchuka. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1956 ndipo chinakhala pa nambala wani masabata 10 pa Billboard, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, pomwe RIAA, bungwe lotsimikizira malonda a nyimbo ku America, linayamba kupereka chiphaso cha malonda cha gold mu 1958, chokulirapo cha platinum mpaka 1976. Zowerenga ndi makina pa kauntala m'mashopu, SoundScan ija, zinabwera 1991 iye atamwalira kale mu 1977. Ndiye zaka zomwe ankagulitsa ngati mandasi otentha zowerengera zake zinali za m'mabuku a kampani basi.

China anthu amasakaniza, mbale yaying'ono ija ya nyimbo ziwiri, kuseri ndi kumaso, ndi chimbale chathunthu si chinthu chimodzi. Nambala zikuluzikuluzo amaphatikiza zonse, ma single, ma EP (a nyimbo zochepa), makaseti, ma CD, dziko lonse. Mukangotenga zimbale zotsimikizika ndi RIAA ku America kokha, Elvis ali cha m'ma 146 miliyoni ndipo The Beatles ndi Garth Brooks wa country uja ali pamwamba pake. Mbale mwapezayo si yamasewera, Blue Hawaii ya 1961 inakhala pa nambala wani masabata 20. Musaipukute ndi nsanza yonyowa chonde, komanso isagone padzuwa imapindika.

Chemwali_ku_Joni:
Kkkkk Garth Brooks ndiye ndani abale, amalumewo mukawauza zimenezo akuthamangitsani pakhomo. Ine chomwe chinandidabwitsa nchakuti chimbale chake chomwe chinafika diamond, 10 miliyoni, ndi cha nyimbo za Khirisimasi osati za rock and roll zogwedeza chiuno zija. Disembala iliyonse anthu kumangogulabe.

Kabwerebwere77:
Ine mkangano wa biliyoni sundipatsa chidwi, funso nlakuti pa ndalama zonsezo mwini wake anadyapo zingati. Manijala wake Colonel Tom Parker kumapetoko amatenga mpaka theka, theka abale, pomwe anzake amatenga kachigawo kochepa. Mu 1973 Parkeryo anagulitsa kwa RCA, kampani yomwe inkatulutsa nyimbo za Elvis, ufulu wolandira ndalama pa nyimbo zonse zomwe Elvis anali atajambula kale pa 5.4 miliyoni dollars, ndalama yooneka yambiri tsiku limenelo koma Elvis atagawana ndi Parker nkudulapo msonkho inatsala yochepa, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo zakale zija zikagulidwa gawo la woimba limapita ku kampani. Ndiye atamwalira anthu nkukhamukira m'mashopu, mafakitale kusindikiza usana ndi usiku, zambiri zinali zonenepetsa RCA. RCA yomweyonso inamugula Elvis kwa Sam Phillips wa kampani yake yoyamba ya Sun Records pa 35,000 dollars yokha mu 1955.

Ndipo taganizani, munthu sanakaimbeko ku Ulaya olo kamodzi, kunja kwa America anangoimba ku Canada mu 1957, koma mbale yake inakafika musutikesi ya agogo anu ku Ntcheu.

Mdala_wa_Mbale:
Zoona zimenezo. Komanso akugulitsabe, mu 2002 chimbale chosonkhanitsa nyimbo zake 30 chinafika pa nambala wani ku America ndi ku Britain, patatha zaka 25 ali m'manda. Mu 2015 anatenga mawu ake akale nkuphatikiza ndi zoimbira za gulu la Royal Philharmonic Orchestra, ku Britain nambala waninso.

Mwana_wa_ku_Ntcheu:
Zikomo akuluakulu. Ndawawerengera amalume zonsezi, pa Garth Brooks angoti fotseki, pa Parker ndiye akwiya zenizeni ngati ndalama zinali zawo. Pa biliyoni sakusuntha. Pano akuti mbaleyo ndi yawo poti agogo anali bambo awo, ndiye ngati wina ali ndi galamafoni yoti ikugwirabe ntchito cha ku Balaka kapena Ntcheu andiuze, ndiimvereko kaye asanainyamule Loweruka.