Nyambo ya nymph ikukana kumira ku Mulunguzi: ndionjezere mtovu?

Akuluakulu owedza nsomba za trout kuno ku Blantyre, ndithandizeni. Mumtsinje wa Mulunguzi, paphiri la Zomba, nymph (nyambo yomira yopangidwa mofanana ndi kachilombo ka m'madzi) yotchedwa Pheasant Tail, ya mbedza saizi 16 pa ulusi wopyapyala wa 5X, ikungotengedwa ndi madzi osafika pansi pomwe nsomba zimadyera. Madzi apamwamba amathamanga kuposa apansi, ndiye chingwe chimakoka nyambo isanamire, ngakhale muponyere chakumtunda. Kodi ndimange kamtovu masentimita 20 kuchokera pa mbedza, kapena ndipeze nymph ya mutu wa chitsulo cholemera cha tungsten? Mtovu ndimaukayikira, umapiringiza ulusi poponya ndipo suchedwa kukodwa m'miyala.

Chinanso, nyambo yoyandama yotchedwa Adams ikangogwira nsomba imodzi, nthenga zimamatana ndi zoterera za m'kamwa mwake n'kuyamba kumira. Inu mumaitsuka ndi kuiumitsa kaye musanapakenso mafuta oiyandamitsa, kapena mumangomanga ina?