Thandizeni akuluakulu: maimelo a Loweruka akusanduka matikiti Lolemba m'mawa

Membala wobisa dzina

Akuluakulu, ndabisa dzina chifukwa ena a kuntchito kwathu ali m'gulu lomwe lino. Ndimagwira ntchito ya IT pa bungwe lina ku Lilongwe, tili ndi ofesi inanso ku Mzuzu, koma wa IT ndine ndekha ndi mnyamata wa internship amene akumaliza mwezi wamawa. Amene ndinamulowa m'malo anapita ku Joni osasiya ngakhale kapepala. Pasiwedi ya rauta ndinakaipeza kuseri kwa kalendala.

Mkuluyo anasiya atakonza help desk, pulogalamu yolandirira madandaulo a IT, yoti munthu akatumiza imelo ku adiresi ya support, tikiti ya dandaulo lake izitseguka yokha. Pakati pa sabata masana zimayenda. Koma imelo ikabwera usiku kapena Loweruka, palibe chimachitika. Lolemba ndikangolowa, matikiti onse amagwa kamodzi ngati mango pa mphepo, ndipo m'pamene anthu amalandira kauthenga koti dandaulo lawo lafika. Abwana anatumiza yawo Loweruka, Lamulungu anandiimbira ndili mu tchalitchi, Lolemba anandinyazitsa pa miting'i kuti ndimanyozera anthu. Ndalama ya airtime sindinalandire miyezi itatu. A ku accounts satumiza n'komwe imelo, amandigwira dzanja pa khonde kuti printa yakana, ena mpaka kundibweretsera foni ya mwana wawo.

Ndikufuna matikiti azitseguka nthawi yomweyo, a ku Mzuzu azipita okha kwa amene amatithandiza kumeneko, komanso ngati n'kotheka mauthenga a pa WhatsApp azisanduka matikiti. Ndiyambire pati?

Madala wa Maseva

Mphwanga, vuto lako ndalidziwa usanamalize n'kulemba komwe. Ndi Microsoft. Kuyambira pa 1 Okutobala 2022 anayamba kutseka Basic Authentication pa Exchange Online (maimelo a Microsoft), kutanthauza kuti pulogalamu yolowa mu bokosi la maimelo kudzera pa IMAP kapena POP ndi dzina ndi pasiwedi basi, imakanidwa. Pamafunika OAuth2, njira yolowera ndi token (chilolezo cha kanthawi) m'malo mwa pasiwedi. Google nayo inatseka zija ankati less secure apps. Ana a masiku ano simuwerenga, mumangodina Next, Next, Finish.

Mlongo wa ku Zomba

Achimwene ofunsa, pulogalamu yake ndi iti? osTicket, GLPI, Freshdesk? Nanga ili pa seva yanu kapena pa hosting? Popanda zimenezi tikungolota.

Madala, ikanakhala nkhani ya pasiwedi kukanidwa, Lolembalo matikiti akanalowa bwanji? Chitseko chokhoma sichitseguka chokha Lolemba.

Madala wa Maseva

Mayi, ine ndinayamba kukonza makompyuta anthu akusunga mafailo pa floppy. Token imatha kutha mphamvu n'kudzatsitsimuka munthu akalowa. Ndaziona ndi maso angawa.

Wa Ndirande Weniweni

Fufuzani kaye ngati "seva" yanuyo si desktop ya pansi pa tebulo imene a mlonda amazimitsa Lachisanu kuti atchaje foni 😂😂

Mayi a Mapasa

Ine mukanena za uthenga woyankha wokha mtima umandigunda. Komwe ndinkagwira kale tinayatsa autoresponder Lachisanu madzulo. Bwana wina anali pa tchuthi, imelo yake ili ndi out of office. Tikiti ikumuyankha kuti talandira, imelo yake ikuyankha kuti kulibe, yankholo likutsegula tikiti ina, imenenso ikuyankha. Makina awiri kupatsana moni usiku wonse ngati apongozi okumana pa njira yopapatiza. Lolemba tinapeza bokosi litadzaza, hosting itatiletsa kutumiza maimelo chifukwa ankatiyesa a spam. Ndinafufuta matikiti mpaka dzanja kuchita dzanzi, nkhomaliro osadya. Achimwene, mwina Mulungu akukutetezani kuti zanuzo zizigona weekend.

Madala wa Maseva

Zimenezo n'chifukwa chosawerenganso. Pali RFC 3834, chikalata cha malamulo a maimelo odziyankha okha, imanena kuti uthenga wotumizidwa ndi makina uzikhala ndi header ya Auto-Submitted kuti makina anzake asauyankhe. Inatuluka 2004! Koma muzu wa zonsezi ndi mwambo. Iwe mphwanga ukufuna automation pamene anthu akukugwira dzanja pa khonde? Uyamba wakhazikitsa lamulo: palibe tikiti, palibe thandizo. Kenako usiyanitse incident ndi service request monga ITIL, ndondomeko yoyendetsera ntchito za IT, imanenera. Printa kufa ndi incident. Kupempha mbewa yatsopano ndi request. Ukaziphatikiza, SLA yako, lonjezo la nthawi yothandizira anthu, ndi bodza lokhalokha.

Wa Ndirande Weniweni

Madala, kamuuzeni Finance Manager kuti "palibe tikiti, palibe thandizo" tione ngati malipiro anu atuluke pa 25 😂

Kamnyamata ka Cloud

Bwanji mukuvutika ndi maseva m'zaka zino? Pitani pa Freshdesk kapena Zendesk, mumangopanga forward imelo ya support ku adiresi imene akupatsani, basi. Magetsi azime, jenereta ithe mafuta, matikiti akulowabe. Ma rule otumiza tikiti ku Mzuzu mumapanga ndi mbewa yokha.

Mayi a Mapasa

Ulipira ndi chani mwanawe? Amalipiritsa pa agent aliyense (munthu woyankha matikiti), mwezi ndi mwezi, mu madola. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, bajeti ya IT ndi imene imayamba kudulidwa. Ndiye upite ku banki ukapemphe forex ya help desk, pamene munthuyu ngakhale ya airtime sakumupatsa?

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. A Mayi a Mapasa mwalasa, za madola sangandimvere, chaka chatha ndinapempha UPS mpaka lero akuti ili ku procurement. Madala, lamulo limenelo ndinayesapo, anakandinenera kwa HR kuti ndine wamwano. Nanga za WhatsApp zija palibe akudziwa? Chifukwa abwana amakonda voice note.

Madala wa Maseva

WHATSAPP SI HELP DESK. Ndanena. Ukafuna kuilumikiza mwa dongosolo pamafunika WhatsApp Business Platform ya Meta, osati ka app ka pa foni yako, ndipo pali lamulo la maola 24: munthu akakulembera, nthawiyo ikadutsa sungamuyankhe mwa ufulu, koma ndi template yovomerezedwa. Tsono iwe amene maimelo akukugonera masiku awiri, ukufuna kusenzanso mtolo umenewo? Voice note ya abwana uiyika category yanji?

Mlongo wa ku Zomba

Achimwene, funso langa mwalidumpha. Ndilemba poganizira chabe, chifukwa zizindikiro zanu n'zodziwika. Mapulogalamu amenewa sakatenga maimelo okha, pamafunika china chowadzutsa.

Ngati ndi osTicket, lowani ku Admin Panel, pa Emails, Settings, muone ngati pachongedwa "Fetch on auto-cron". Imeneyo imakoka maimelo pokhapokha agent akalowa n'kumadinadina. Inu mukapita kunyumba, nayo imagona. Mankhwala ake ndi cron job yeniyeni pa seva, ntchito imene seva imachita yokha pa nthawi yoikika, yoitana api/cron.php mphindi 5 zilizonse. Pa cPanel pali malo olembedwa Cron Jobs, pa Windows ndi Task Scheduler. GLPI nayo ili ndi khalidwe lomwelo: ku Automatic actions, ntchito yotchedwa mailgate ikakhala pa GLPI mode imadikira munthu atsegule tsamba. Muisinthe ikhale CLI, cron iziitana front/cron.php.

Mukatero dzitumizireni imelo usiku muli kunyumba, osalowa mu system, muone ngati yankho libwere.

Kamnyamata ka Cloud

Mwaona? Cron, PHP, cPanel. Zonsezi kuthawa kulipira.

Madala wa Maseva

Za cron ndimafuna kuzinena, kungoti ndinayambira ku muzu. Koma ndikubwerezabe, ayang'ane OAuth2. osTicket inayamba kuilandira pa 1.17, ndiponso mpaka uyike plugin. Ngati mnzake wa ku Joniyo anasiya version yakale, tsiku lina adzalira ndipo adzandikumbuka.

Bambo a Tadala

Za Mzuzu zija n'zosavuta ngati ndi osTicket. Pangani department ya Mzuzu, kenako Ticket Filter yosankha kopita matikiti. Koma musadalire mawu oti "Mzuzu" pa mutu wa imelo, anthu athu amangolemba "Thandizo" kapena "Urgent" basi. Ndi bwino kuwapatsa adiresi yawoyawo n'kuimangirira ku department imeneyo. Ine ndinadalira mawu a pa mutu, tikiti ya munthu wopempha galimoto yopita ku Mzuzu inakathera kwa technician.

Membala wobisa dzina

Pepani ndinachokapo, projector ya mu boardroom inakana ndipo anandiitana ngati ndaba. Ndiyesa zimene mwanenazi, kungoti pasiwedi ya hosting sindikudziwa ngati ili kuseri kwa kalendala ina. Mnzanga wa ku Joni uja pa WhatsApp akungowerenga osayankha.

Mlongo wa ku Zomba

Achimwene. Dzina. La. Pulogalamu.

Wongomaliza Kumene Sukulu

Pepani akuluakulu kulowerera, bwana ofunsa, mnyamata wa internship akachoka mwezi wamawa malowo mulengeza? Ndili ndi diploma, inbox yanu ndi yotseka.