Hilux yanga ikukana kulira m'mawa

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Ulongwe, ndipo Hilux yanga ya dizilo, injini ya 3L, yandizunguza mutu. M'mawa siilira pokhapokha nditapopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta ya dizilo mpaka kalimbe. Ikalira imayenda ndithu, koma pachitunda mphamvu imathera panjira.

Fyuluta ndasintha kawiri. Thanki ndinatsitsa n'kutsuka, munatuluka madzi ndi dzimbiri (mlandu ndi wanga, ndinkathira dizilo wa m'zigubu). Dzulo ndinaika paipi yoonekera mkati potulukira fyuluta, ndikuona timathovu tikudutsa.

Makaniko wina akuti injector pump (pampu yaikulu yotumiza dizilo mu injini) yatha, ine ndikukayika. Kodi mpweyawu ukulowera pakapampuka kapena m'mapaipi ochokera kuthanki? Ndisanawononge ndalama ku Tete, tandiuzeni poyambira.