Catalytic ya Vitz yatsekeka: ndigule yodula kapena yotchipa?

Mwini Vitz: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Catalytic ya Vitz yanga, chipangizo chija choyeretsa utsi wa injini, yatsekeka, galimoto ikulephera chitunda. Kugalaja akuti ndisankhe: ndigule yolumikizana ndi manifold (mapaipi otulutsa utsi mu injini) ngati yomwe inabwera nayo, kapena andiwotcherere yotchipa pansi pa galimoto. Yoyambayo mtengo wake ukuwawa.

Wa minibasi: Achimwene, ndalamazo sungani. Angoika paipi basi. Yanga ndinachotsa kalekale, ikuyendabe.

Makanika: Kuyenda iyenda, koma utsiwo akupuma ndani? Catalytic siyamba ntchito ikadali yozizira, imafuna kutentha pafupifupi madigiri 300. Isanafike pamenepo, carbon monoxide ndi petulo wosapsa bwino zimangotuluka momwemo, n'chifukwa chake utsi woipa wambiri umatuluka mphindi ziwiri zoyambirira mukangoliza. A Toyota anaiika pafupi ndi injini dala, kuti utsi uifike usanazizire. Mwamvapo galimoto ikulira mokweza m'mawa kenako n'kutsika yokha? Ndi kompyuta imeneyo, ikutenthetsa catalytic. Mukaiika kutali pansi, utsi umazizira m'njira ndipo imachedwa kugwira. Zotchipa zambirinso platinum ndi palladium wake amakhala wochepa, posakhalitsa nyali ya check engine yayaka, kompyuta ikuonetsa P0420, nambala ya vuto la catalytic.

Mayi a ku Dedza: Mundikhululukire a minibasi, sindikugwirizana nanu. Kuno mu Juni kumazizira kwambiri. Galimoto ya bambo akunyumba anaichotsa catalytic, ndiye m'mawa akailiza pakhomo ana akudikira kupita kusukulu, fungo lake limalowa mpaka kukhitchini. Wamng'onoyo ali ndi mphumu. Ine ndikanagula.

Makanika: Pepani mayi. Muwauze bambo asamaisiye ikulira pamalo nthawi yaitali, makamaka mugalaja motseka. Alize, adikire pang'ono, anyamuke mofatsa. Imatentha msanga ikamayenda.

Wa ku Leeds: Kuno ku UK mukachotsa, MOT, mayeso a galimoto a chaka ndi chaka, simudutsa. Koma samalani ndi za kaunjika. Zitsulo za mkatimo n'zodula, ena amazikolopola n'kukugulitsani chigoba. Muunikemo ndi tochi, muone ngati chisa chija, chonga cha njuchi, chili chathunthu.

Wa minibasi: Nanga wopanda ndalamazo atani? Aimike galimoto?

Makanika: Yotchipa iposa paipi, bola aiike pafupi ndi injini mmene angathere. Koma a Vitz, musanagule chilichonse, fufuzani chinapha yakaleyo. Mapulagi akutha kapena injini yodya oyilo idzaphanso yatsopanoyo.

Mwini Vitz: Oyilo ikudyadi, ndimathira mwezi ndi mwezi. Ndiyamba ndi zimenezo, ya pa manifold ndigula malipiro akatuluka. Amakanika, Loweruka mupezeka?